Moni wa a Kolev

2004

Ntchito yanga yoyamba ku Ireland sinali ya uphunzitsi, ngakhale kuti uphunzitsi ndi umene ndinapitira ku koleji, ndipo ndinali nditagwira choko zaka zingapo pa sekondale ina ku Ntcheu. Tadala mwana wanga, tinabwera ku Dublin chifukwa cha amayi ako. Iwo ndi amene anaitanidwa kudzagwira ntchito ya unamwino, ine ndinali wotsatira chabe. Satifiketi yanga anthu a kuno anaiyang'ana mwaulemu n'kundibwezera. Choncho iwe utangoyamba kuyenda, ndinalowa ntchito pa kampani ina yochapa, kuseri kwa Finglas kumene kuli mafakitale. Tinkachapa nsalu za pabedi za m'mahotela, matawulo, ndi nsalu za patebulo za m'malo odyera. Masiku amenewo mahotela ankangomera paliponse, ndipo magalimoto athu ankabwera odzaza moti matumba ena ankagona panja.

Manejala wathu anali mayi wina wamfupi, wofulumira, dzina lake Bernie. Sankafuna kutchulidwa bwana kapena mayi. Aliyense, ngakhale wosesa, ankangoti Bernie, ndipo zinanditengera nthawi kuti lilime langa lizolowere. Iye anandiika pa makina aakulu ositira. Makina amenewo amafuna anthu awiri: wina agwire ngodya iyi ya nsalu, wina ngodya iyo, mukoke mofanana n'kuilowetsa pamodzi. Wina akachedwa pang'ono, nsalu imatuluka yopindika ndipo imabwerera kukanyowetsedwa. Mnzanga pa makinawo anali a Kolev, bambo a ku Bulgaria, a msinkhu wa bambo anga ondibereka, amene kwawo ankakonza mainjini a sitima. Akazi awo, a Penka, ankapinda nsalu kumapeto kwa makina omwewo.

Chimene chinandivuta kwambiri miyezi yoyamba sikunali kutentha kapena kuimirira tsiku lonse. Unali moni. Kwathu munthu sumulambalala mnzako m'mawa: umaima, umamufunsa mmene wadzukira, umadikira yankho. Kuno munthu ankandifunsa kuti ndili bwanji miyendo yake ikuyendabe, ndipo pamene ndinkayamba kuyankha, iye anali atalowa kale pakhomo lina. A Kolev okha ndi amene ankaima. Ankapukuta dzanja pa epuloni, n'kundigwira chanza atandiyang'ana kumaso, m'mawa uliwonse, ngati kuti takhala chaka osaonana. Tsiku lina ndinawapempha kuti andiphunzitse moni wa kwawo. Anaoneka okondwa koma sanaseke. Anandiuza kuti m'mawa ndiziti dobro utro, dzuwa likakwera dobar den, ndipo pofunsa munthu mmene alili ndiziti kak ste. Posiyana ndiziti dovizhdane, mawu amene ndinalimbana nawo sabata zingapo. Anandiuzanso kuti munthu wamwamuna amene umamulemekeza umamutchula kuti gospodin, kenako dzina la makolo ake. Kuyambira pamenepo iwo anakhala gospodin Kolev, ine gospodin Mbewe, anthu awiri ovala maepuloni onyowa.

Sipanatenge nthawi kuti ndizindikire kuti pali moni winanso. A Penka akamadutsa, kapena akabwera dalaivala wina wa kwawo amene ankatibweretsera sopo, a Kolev sankanena mawu amene anandiphunzitsa aja. Ankangoti zdrasti, n'kuwonjezera kak si, ndipo posiyana ankati chao. Nditawafunsa, anandiuza kuti umenewo ndi moni wa anthu a m'nyumba ndi mabwenzi akale, ndipo wamng'ono sauyamba yekha. Wamkulu ndi amene amanena tsiku limene awiriwo asiye moni wa alendo. Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Ndinaona kuti ndapeza anthu oleredwa ngati ife, ndipo madzulo ake ndinauza amayi ako kuti ku Ulaya kulinso anthu odziwa mwambo. Iwo anaseka, akuti ndapita kutali chonsechi kukapeza nkhalamba inzanga.

2008

Amayi ako anayamba kudwala kumayambiriro kwa chaka chimenechi, ndipo anatisiya mu Meyi. Za matendawo, ndi za ulendo wokawaika ku Ntcheu, sindilemba pano. Ndayesapo, koma ndasiya.

Nditabwerera ku ntchito, anthu anandichitira zabwino monga mmene akanathera. Bernie anandikumbatira n'kuthawira mu ofesi. A Kolev sananene dobro utro tsiku limenelo. Anangondigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anatola ngodya yawo ya nsalu, ine yanga. Miyezi yotsatirayo ankachedwetsa makina ndikasokonezeka, ndipo nsalu zopindika zikachuluka ankauza Bernie kuti lamba wa makina ndi amene watha.

Chakumapeto kwa chaka, masamba atayamba kugwa, anandiitana pa nthawi yopuma kuti tikakhale kukhomo la kumbuyo, kumene tinkaimika matilole. Anatulutsa chakudya chokulungidwa m'pepala, mkate wopyapyala wa tchizi umene kwawo amati banitsa, umene a Penka anaphika. Kenako anaimirira, n'kumanga mabatani onse a jekete, ndipo anayankhula m'Chingerezi chawo cholemera chija.

“Lameck, tagwira nsalu imodzi zaka zonsezi. Kuyambira lero usamanditchule gospodin. Uziti Bai Hristo, ndipo m'mawa uziti zdrasti. Ine ndiye wamkulu, ndiye woyenera kunena zimenezi ndi ine, ndipo ndanena.”

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa loyamba. Hristo linali dzina lawo loyamba, ndipo Bai ndi ngati kunena kuti achimwene. Nanenso ndinaimirira, n'kugwirizira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere monga tichitira kwathu, ndipo ndinawathokoza kwambiri. Kenako ndinawafotokozera, mwina motalikitsa ngati ndili m'kalasi, kuti kwathu ulemu suchepa anthu akayandikana. Munthu akamakula mumtima mwako ndi pamene ulemu wake umakulanso. Ndinawauza kuti bambo anga ondibereka sindinawatchulepo dzina, ndipo sindingathe kupereka moni wa anyamata kwa munthu amene ndimamuona ngati bambo. Ndinkakhulupirira kuti ndikuwapatsa mphatso yoposa imene anandipatsa. Panalinso china chimene sindinawauze. Munthu wamkulu yekhayo amene ndinkamutchula kuti iwe anali amayi ako, tikakhala awiri, ndipo sindinkafuna kuyandikananso ndi munthu aliyense.

A Kolev anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, “Chabwino, gospodin Mbewe,” n'kukulunganso banitsa imene inatsala. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo sunasowe ngakhale kamodzi, ndipo unali wathunthu, mawu onse m'malo mwake. Koma chanza chinafupika, nthabwala zonena kuti aphunzitsi sadziwa ngodya ya nsalu zinatha, ndipo pa nthawi yopuma ankakhala m'galimoto ya dalaivala uja. Ine ndinaganiza kuti mwina ndi ukalamba, kapena nkhani za kwawo. Mutu wanga unali kwina.

2009

Chaka chimenechi ndi chimene mavuto a zachuma anatifika pakhosi. Mahotela ena anatseka, ena anatseka zipinda zapamwamba n'kumagwiritsa ntchito zapansi zokha. Magalimoto athu ankabwerera matumba akugubuduzika m'kati. Magolovesi ankaperekedwa pokhapokha ukaonetsa ong'ambika, ndipo sopo tinkathira mochepa moti matawulo ankatuluka otuwa. Anthu anayamba kuchotsedwa, Lachisanu lililonse mmodzi kapena awiri. Kenako eni kampani anazimitsa makina amodzi mwa awiri ositira, n'kunena kuti otsalawo aziyenda mashifiti awiri: ya m'mawa, sikisi koloko mpaka thu, ndi yamadzulo, thu mpaka teni. Amene anakhalitsa pantchito ndi amene anayamba kusankha. A Kolev ndi a Penka anatenga ya m'mawa. Ine inandigwera yamadzulo, ndipo ndinathokoza kuti ndatsala.

Iwe unali ndi zaka sikisi. Chimene chinatipulumutsa miyezi yoyamba ndi banja la a Tembo, anzathu a ku Chipata, amene fulati yawo ku Ongar inayang'anizana ndi yathu. Amayi Tembo ankakutenga kusukulu pamodzi ndi ana awo, kukudyetsa, kukusambitsa, ndipo ine ndinkadzakunyamula uli m'tulo. Koma a Tembo ankagwira ntchito mu ofesi yojambula mapulani a nyumba, ndipo nyumba zinali zitasiya kumangidwa. Anakhala pakhomo miyezi yambiri, kenako anapeza ntchito ku Australia. Anandiuza pambuyo pa Misa, maso ali pansi, kuti anyamuka mu Juni. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wokhala m'mafulati athu omwewo, anati m'mawa atha kukuona ndi kukuperekeza kusukulu, chifukwa ntchito yake inkayamba masana. Koma kuyambira potuluka kusukulu mpaka usiku panalibe munthu.

Malume ako a Fanuel, achimwene awo a amayi ako, ankaimba foni Lamlungu lililonse. Ndikufuna udziwe kuti sanali munthu wankhanza. Mwa mwambo wa kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo iwo anali atandilekerera kale chaka chathunthu.

“Alamu, sitikulimbana nanu,” anatero. “Koma mwana wamkazi sangamagone pamipando ya anthu ngati alibe abale. Kuno kuli agogo ake, kuli amayi ake aang'ono. Sukulu ikatsekera mutitumizire. Muzidzamuona mukapeza mpata.”

Ndinapita kwa Bernie kukapempha shifiti ya m'mawa. Anandiuza kuti alibe pondiika, kuti wachotsa kale anthu amene anawalemba yekha ntchito, ndipo sangalande malo a munthu amene anandiyambira. Koma anati ndikapeza wa m'mawa wovomera kusinthana nane, asaina tsiku lomwelo. Wa m'mawa amene ndikanatha kusinthana naye anali mmodzi yekha, ndipo ndinkakumana naye pa thu koloko basi, iye akuvula epuloni, ine ndikuvala. Dobar den, gospodin Mbewe. Dobar den, gospodin Kolev. Ndinafunsa za ndege za mu Julayi, ndi mmene amayendetsera mwana wopita yekha. Iwe sindinakuuze kanthu.

Amene anandiimitsa ndi a Penka. Bernie ayenera kuti anawauza. Anandipeza tsiku lina ndikusintha nsapato, anakhala pabenchi pafupi nane, n'kundiuza kuti ine ndi mwamuna wawo tonse ndife abulu, kusiyana kwake n'kwakuti mmodzi anapita ku koleji. Ndinawafunsa chimene ndinalakwa. Anandiuza kuti mawu aja a kukhomo la kumbuyo a Kolev anawayeserera masiku angapo ali kubafa, kuti Chingerezi chisawathawe. Anati chibwerereni ku Ireland sanauzepo munthu wina aliyense wosakhala wa kwawo mawu amenewo.

“Kwathu wamkulu akakuuza choncho iwe n'kukana,” anatero, “ndiye kuti wamuuza kuti, khalani uko, ine ndikhale kuno. Iye anamva kuti ndi wokalamba ndiponso mlendo. Ndipo banitsa ija ndinadzukira kusanache.”

Ndinayamba kuwafotokozera za ulemu wa kwathu, koma anandidula, akuti anamva kale, mwamuna wawo anawabwerezera zonse kunyumba, ndipo zinali zokoma ngati ulaliki. Anaimirira n'kunyamula chikwama. Za shifiti sananene chilichonse.

Masiku otsatirawo anali ovuta kuposa mmene ndingalembere. Kunena zdrasti kwa munthu waimvi kunali kale kolemera, ngati kulowa m'nyumba ya apongozi osaodira. Koma cholemera kwambiri chinali china. Ndinakana moni wawo pamene ankandipatsa ulere. Ndikapita tsopano, ndikufuna shifiti yawo, kodi sizioneka ngati ndikugula malo awo ndi mawu amodzi? Ndinkadziwanso chimene ndikuwapempha. Mawondo awo anali atayamba kuvuta, analibe galimoto, ndipo shifiti yamadzulo inkatanthauza kudikira basi pamphepo, ndi kumangodutsana ndi akazi awo pakhomo sabata yonse. Ndinaganiza zotuma a Penka. Ndinaganizanso zongokhala chete, kusunga ulemu wanga wonse, n'kukutumiza ku Ntcheu, kumene ukanaleredwa bwino ndithu. Chimene chinandigonjetsa ndi chaching'ono. M'mawa wina ndikukupesa tsitsi, ntchito imene ndinali nditangoiphunzira kumene, unandiuza kuti tsopano sindikukoka kwambiri. Ndinaona kuti sindikufuna kuti munthu wina aphunzire zimenezo m'malo mwanga.

Lachisanu lake ndinafika ku ntchito nthawi isanakwane. A Kolev anali adakali pa makina, atandifulatira.

“Zdrasti, Bai Hristo.”

Sanatembenuke. Analowetsa nsalu ina, kenako anati sanamve, makina akusokosa. Ndinabwereza.

“Ukunena ngati ukuwerenga mawu ku Misa,” anatero. “Moni umenewu umaponyedwa, ngati mmene umaponyera thumba m'galimoto. Tanenanso.”

Ndinanenanso mokweza, moti amayi opinda nsalu anaseka. Pamenepo ndi pamene anaimitsa makina n'kupukuta dzanja. Ndisanaligwire ndinawauza kuti ndabwera ndi pempho, kuti mwina ndikanabwerabe tsiku lina popanda pempholo koma osati lero, ndipo ndikufuna adziwe zimenezo asanandipatse chanza. Kenako ndinawauza za iwe, za a Tembo, za malume ako, ndi za ndege ya mu Julayi.

“Nanga umafuna ukapemphe kwa ndani?” anatero. “Gospodin sapemphedwa kanthu. Gospodin timangomufunsa nthawi.”

Sanavomere pomwepo. Anatchula mawondo, anatchula basi, anatchula mpira umene ankaonera madzulo, ndipo zonsezo ananena atandigwirabe dzanja. Kenako anati nkhaniyi mwini wake ndi mkazi amene azidzadya yekha madzulo. Anaitana a Penka m'chinenero chawo. A Penka anayankha ali kumapeto kwa makina, mawu ambirimbiri, manja osasiya kupinda. Nditafunsa chimene anena, a Kolev anati, “Akuti wandiona mokwanira.” Tinalowa tonse mu ofesi, ndipo anauza Bernie kuti tiyesa mpaka Khirisimasi. Khirisimasi inafika n'kudutsa, inanso inadutsa, ndipo anakhalabe pa shifiti yamadzulo mpaka ntchito itayambanso kuchuluka, makina achiwiri aja n'kuyatsidwa. Mawondo awo sanapindule nazo, ndipo sankandibisira. Ankandiuza nthawi zonse tikakumana pa thu koloko, pambuyo pa zdrasti.

Kwa zaka zonse zotsatira ndinawapatsa moni wawo wa m'nyumba, ndipo lilime linazolowera. Koma waona wekha kuti polemba m'chinenero chathu ndikuwatchulabe kuti a Kolev, iwo. Ndinawauzapo zimenezi nthawi ina tikudya kwawo ku Finglas. Anati za m'Chichewa alibe nazo ntchito, poti samva.

Lamlungu lake ndinaimbira malume ako osadikira kuti ayambe ndi iwo. Ndinawauza kuti kuyambira mawa ndiziweruka thu koloko, kuti ndizikutenga ndekha kusukulu, ndipo ndikupempha kuti ukhale. Ndinawauzanso kuti a Kolev, mnzanga wa pa makina, ndi amene asinthana nane shifiti. Malume ako anafunsa kuti mzungu ameneyo ndi m'bale wanga bwanji. Ndinati timagwira nsalu imodzi. Anati akauza agogo ako, koma pali ziwiri: mwanayo aziyankhula nawo Chichewa pafoni, osati kumangomwetulira kumene iwo sakuona, ndipo ndibwere naye kumudzi agogo ake adakali ndi mphamvu. Zonse ziwiri ndinalonjeza, ndipo chachiwiricho ukuchikumbukira.

Lolemba ndinaweruka dzuwa lili pamutu, chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Ndinayendetsa kagalimoto kamene amayi ako anasiya mpaka ku Ongar, n'kuima pageti la sukulu pakati pa azimayi ndi ngolo za ana. Unatuluka pamodzi ndi ana a a Tembo, chikwama chikukhwekhwereza pansi. Utandiona unaima. Sunathamange. Ine ndinali ndisanaganizeko, koma tsiku lomaliza limene ndinabwera kudzakutenga pageti limenelo linali tsiku lija la mu Meyi, chaka chapitacho, limene amayi ako anatisiya. Unayandikira pang'onopang'ono, n'kundifunsa m'Chingerezi kuti wamwalira ndani.

“Palibe,” ndinatero. “Ndangobwera kudzakutenga.”

Unandiyang'anitsitsa kuti uone ngati ndikunama.

“Mawanso?”

“Mawanso.”

Unandipatsa chikwama kuti ndinyamule, n'kuyamba kundiuza za mtsikana wina amene anadya guluu m'kalasi.